Kuperekeza Lilime la Apongozi ku Harare

Ndinakwatira ku Meluluca, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi sindinawaonepo apongozi anga aakazi kumaso. Msana wawo ndinkaudziwa bwino, zidendene zawonso ndinkazidziwa. Tikakumana panjira ya kugombe, iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, n'kumapatsana moni aliyense atayang'ana tchire lake. Kwathu ulemu wa pachipongozi ndi umenewo, ndipo ine pa zimenezi ndinali katswiri.

Nkhondo ili pachimake, Abiti Saidi, ndilo dzina lawo, anatuluka chilonda m'mbali mwa lilime. Iwo ankati ndi dzino likuwakanda. Mkazi wanga Amina ankati ndi fodya wotafuna uja anayamba ali namwali. Patatha miyezi itatu chilonda chisakupola, tinamva kuti ku Metangula kwabwera dotolo wochokera ku Lichinga, ndipo tinapita nawo. Chipwitikizi m'banjamo ndinkachidziwa ndine, choncho ndinalowa nawo m'chipinda, n'kuima pakona nditayang'ana khoma. Dotoloyo anaganiza kuti ndimaopa magazi, ine sindinamutsutse.

"Ndi khansa," anatero. "Ku Lichinga tili ndi mpeni basi, tikadula theka la lilime. Koma ku Harare amabaya timawaya m'lilimemo, timene timawotcha nthenda pang'onopang'ono kwa masiku angapo, munthu n'kutsala ndi lilime lake. Muli ndi mbale kumeneko?"

Mbale analiko, mlamu wanga Che Yusufu, mwana wawo wamkulu, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya nsapato.

"Ndiye mvetserani. Timawayato sitisankha, timawotcha chilichonse chili pafupi. Lero chotupachi chili ngati mtedza, ndipo chili kutali ndi nkhama. Chikakula n'kufika ku nkhama, moto udzagwiranso fupa la nsagwada, ndipo fupa lopsa nthawi zina limafa. Muziyang'ana m'kamwamu masiku awiri alionse. Chikayamba kuyenda, inunso yendani, musadikire kanthu."

Ndinamasulira zonsezi ndikuuza khoma. Dotolo analemba kalata, n'kundipatsa ine.

Woperekeza sanachite kusankhidwa. Amina anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndi ana atatu pakhomo, wamkulu wake Asiyatu. Mwana wina wamwamuna wa apongozi anali ku usilikali, sitinkadziwa n'komwe kuti ali kuti. Ndinatsala ine, munthu wolamulidwa kuyang'ana m'kamwa mwa mayi amene sindinkaloledwa kuwaona ngakhale chipumi.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa wapansi, iwo patsogolo ndi kamtolo pamutu, ine m'mbuyo ndi thumba la usipa wouma, umene nthawi imeneyo unkamveka bwino kuposa ndalama. Ku Metangula tinayamba ndi giya, chikalata chololeza munthu kuchoka m'boma lake. Mlembi anafunsa cholinga cha ulendo. Ndinati lilime. Anaganiza kwa kanthawi, n'kulemba kuti nkhani za m'banja, n'kudinda.

Kenako tinadikira koluna, mdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali. Tsiku lonyamuka linali chinsinsi cha boma, koma msika wonse unkadziwa kuti asilikali akayamba kugula fodya wambiri ndiye kuti mawa kuli ulendo. Kwa masiku asanu ndi anayi asilikali sanagule fodya.

M'masiku amenewo ndi m'mene ndinapeza nzeru yanga. Ndinapempha mayi wina wogulitsa tomato kuti azindionera m'kamwa mwa apongozi. Ankapita nawo kuseri kwa msika, ine n'kutsala ndikumulondera tomato. Pobwera ankati, "Ngati mtedza, bambo." Ndinadzitamanda kwambiri. Lamulo la dotolo ndinasunga, mwambo ndinasunga, ndipo ndinagulitsako tomato milu iwiri.

Tsiku la ulendo aliyense ankafuna lole yapakati, poti yoyamba ndi imene imaponda bomba, yomaliza ndi imene imawomberedwa. Malole analipo asanu ndi awiri. Mbale ziwiri za usipa zinatikweza yachinayi. Pamwamba pa matumba panalibe malo ochitira ulemu, choncho ndinakhala chofulatira, ndipo pakati pa ine ndi apongozi panagona mbuzi ya munthu wina. Pambali panga panali a Kasimiro, mphunzitsi wa ku Metangula, amene ankapita ku Lichinga kukafunsa za choko. Sukulu yawo inali itatha chaka akulemba ndi chinangwa chouma.

Tinakwera chitunda cha ku Maniamba paliwiro la munthu woyenda pansi, chifukwa patsogolo pankayendadi anthu, asilikali awiri akubaya dothi ndi ndodo zachitsulo. Nyanja inatsala m'mbuyo, koma palibe anacheuka. Tonse tinkayang'ana udzu.

Titangolowa m'Maniamba, pansi pa lole yathu panamveka phokoso ngati wina wagwetsa mulu wa makasu. Dalaivala analowa kunsi, n'kutuluka ndi chitsulo m'manja, n'kutionetsa tonse mmodzimmodzi ngati alipo amene angachizindikire. Mkulu wa asilikali anayang'ana wotchi. Malole ena anali odzaza kale mpaka pamwamba pa kabini. Patapita theka la ola koluna inapita, ife anthu khumi ndi asanu ndi awiri n'kutsala, ndi mbuzi.

Anatilandira a Nasiwelo, mayi wa kumtunda komweko, mlimi wa chimanga ndi chinangwa, amene mwamuna wake anatengedwa ndi ankhondo a m'tchire chaka chapitacho. Sanafunse kuti ndife a mpingo wanji. Apongozi anawapatsa mphasa m'nyumba, ine pakhonde. Kutacha ndinapeza azimayi awiriwo akusenda chinangwa limodzi ngati anakulira mudzi umodzi.

Tsiku lachitatu kunafika lole yobiriwira yopanda galasi lakutsogolo, ili yokhayokha. Mwini wake anali Che Jafali wa ku Mandimba, wamalonda a nsomba, munthu wa mimba yake ndi chipewa choyera.

"Koluna ndi imene imaitana zipolopolo," anatero akuthira madzi m'injini. "Ine ndimayenda ndekha ngati njinga. Lero Lichinga, mawa Mandimba, mkuja muli m'Malawi. Amayiwo akhala kutsogolo."

A Kasimiro anandikokera pambali. "Bambo, munthu uyu mutu wake sukuyenda bwino. Mwezi wathawu lole ina yoyenda yokha anaiotcha kupitirira pano pang'ono. Choko chidikire, ine sindikwera."

Ndinapita kwa a Nasiwelo. Ndinawafotokozera za dotolo, za nkhama, za fupa, ndipo ndinati chotupa chikakhala kuti chayenda, tikwera lole imeneyi lero lomwe. Anatengana ndi apongozi kupita kuseri kwa nkhokwe. Anakhalitsako kuposa mayi wa tomato uja. Che Jafali analiza hutala kawiri.

"Ngati mtedza," anatero a Nasiwelo pobwera, akuyang'ana pansi.

"Wosenda kapena wamakoko?"

"Wosenda."

Ndinene zoona, mtima wanga unakhala pansi, ndipo sichinali chifukwa cha lilime lokha. Lole ija ndinkaiopa. Ndinamuthokoza Che Jafali, iye anagwedeza mapewa, n'kunyamuka ndi anthu anayi amene analibe ana.

Chitsulo cha lole yathu chinabwera ndi koluna yotsatira patatha masiku asanu ndi atatu, ndipo chinali cha lole ya mtundu wina. Anatilongedza m'malole ena ngati katundu wotsala. Mbuzi sinapitirize ulendo, pa zifukwa zimene mwini wake anagwirizana ndi asilikali. Tinafika ku Lichinga n'kumva kuti koluna ya ku Mandimba inanyamuka dzana.

Ku Lichinga tinakhala pafupifupi mwezi. Kumeneko kumazizira mwachipongwe kwa munthu wa kunyanja. Tinkagona kwa msuweni wa a Kasimiro, ndipo ntchito yanga inali kuima pamzere. Ndinaima pamzere wa chidindo, pamzere wa ufa, ndi pamzere wina wautali umene ndinangolowa poona anthu, n'kupeza kuti kumapeto kwake akugawa mabatire a wailesi. Wailesi ndinalibe, koma ndinalandira. A Kasimiro anauzidwa kuti choko chili m'njira kuchokera ku Nampula, ndipo anabwerera kwawo atasangalala.

Azimayi atatu osiyanasiyana anandionera m'kamwa mwa apongozi m'tauni imeneyo. Onse anati mtedza. Ndinaona ndithu kuti apongozi achepetsa kulankhula, kuti phala ayamba kulisungunula ndi madzi, komanso kuti ndikamadutsa amaphimba pakamwa ndi nsalu. Ndinati mumtima, amayiwa ulemu wawo ukunka nukula.

Msewu wa ku Mandimba sindiukamba kwambiri. M'mbali munali mafupa a malole opsa, ena udzu utamera m'kabini. Aliyense ndinkamusuzumira kuti ndione ngati anali wobiriwira, koma lole yopsa ilibe mtundu. Penapake panaphulika chinthu, tonse tinadumphira m'ngalande, asilikali anawombera tchire kwa mphindi khumi, kenako zinadziwika kuti ndi tayala. Apongozi sanadumphe. Tinawapeza atakhala pomwe paja, akukonza mpango.

Pachipata cha Chiponde, mbali ya Malawi, panali mzere wa anthu othawa nkhondo wofika kumsika. Mayi wina wa yunifolomu anawerenga kalata ya dotolo, n'kuwauza apongozi kuti ayasamule. Ine ndinayang'ana mbendera. Mayiyo sananene za mtedza. Anangodinda mapepala athu msangamsanga, n'kutidutsitsa patsogolo pa anthu onse, n'kutiperekeza yekha mpaka pabasi. Ndinaganiza kuti chamugometsa ndi Chingerezi changa cha kusukulu ya mishoni.

M'Malawi basi inkayenda yokha, popanda mfuti. Mangochi, Liwonde, Zomba, Blantyre, tsiku limodzi. Chimene chinandizunguza mutu ndi sopo. Anali m'mashelefu a sitolo, atangokhala, popanda mzere, anthu akumudutsa osamupatsa moni. Ku Blantyre tinadikira masiku anayi kuti tipeze malo m'lole yodutsa ku Tete, poti njira ya ku Harare imabwereranso m'dziko lathu lomwelo, m'nkhondo yomweyo. Tinatuluka pa Mwanza, tinalowa pa Zobue, tinapsa ndi dzuwa pamlatho wa Zambezi kudikira kuti asilikali awerenge malole, anawerenga kawiri n'kupeza mayankho awiri. Pa Nyamapanda anationa zikwama, anapeza mabatire, n'kundifunsa wailesi.

Che Yusufu anatilandira ku Mbare, analira pang'ono, n'kuyamba kuthamanga ndi mapepala. Chichokereni ku Meluluca panali patatha masabata asanu ndi anayi. Tsiku lokaonana ndi dotolo iye sanaloledwe kujomba kufakitale, choncho womasulira ndinali ine ndemwe. Ndinalowa, ndinapeza khoma, ndinaima.

Dotoloyo anali mzimayi wa imvi zochepa. Ndinamva pepala likutembenuzidwa, kenako pepala lomwelo likutembenuzidwanso.

"Kalatayi ikunena za munthu yemweyu?" anafunsa m'Chingerezi.

Ndinati inde, ndipo chotupacho chili ngati mtedza, taona njira yonse.

"Mwaona ndinu?"

Ndinayamba kufotokoza za mwambo wathu. Sanandilole kumaliza. "Bambo, simungamasulire chinthu chimene simunachione. Bwerani kuno."

Sindinasunthe. Kenako ndinamva mawu a apongozi, olemera ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. "Bwerani, atate ake Asiyatu. Onani."

Choyamba ndinaona nkhope. Anali Amina yemweyo, atakalamba ndi kuwonda. Kenako anayasamula. Chilondacho chinali chachikulu kuposa chala changa chachikulu, m'mphepete mwake motukuka ndi mouma, ndipo chinali chitatsika pansi pa lilime mpaka kutsala pang'ono kukhudza nkhama.

Dotolo analankhula pang'onopang'ono kuti ndimasulire. Anati timawaya tingathekebe, koma tifunika tambiri, ndipo tikhala pafupi ndi fupa. Anati moto wonse umene nthenda ikufuna ndi womwewo, koma pali kusiyana pa kaperekedwe kake. Timawaya tatsopano n'taukali, timamaliza ntchito masiku atatu kapena anayi, koma moto wobwera mothamanga choncho kawirikawiri umasiya zilonda zosapola ndi kupha fupa. Timawaya tokhalitsa mphamvu yake imakhala itatsika, timatenga pafupifupi sabata, ndipo mnofu wabwino umapeza mpata wodzikonza. Tikafooka kwambiri, nthenda imatha kupulumuka. Iye anasankha tapakati, tokhalitsa pang'ono. Anatinso ayamba achotsa mano a kumbali imeneyo, ndipo apanga kachidutswa kapulasitiki kokhuthala kokhala pakati pa lilime ndi nkhama, kuti fupa litalikirane ndi moto.

"Ndi zonsezi, sindikulonjeza za fupalo," anatero.

Ndinafunsa funso limene sindinamasulire. "Tikanafika mwezi wathawu?"

"Chikanakhala ngati mtedza, za fupa tikanangozitchula podutsa."

Panja panali benchi lalitali. Apongozi anakhala kumapeto kuno, ine kumapeto uko, tonse titayang'ana khoma limodzi.

"Amayi, azimayi aja ankaona chiyani?"

"Zimene mwaonazi."

"Nanga mtedza?"

"Wa ku Metangula ananena zoona. Enawo ndinkawauza ine."

"Chifukwa chiyani?"

Anameza malovu movutikira. "Mukanakwera galimoto la Che Jafali. Ndinakumvani mukuwauza a Nasiwelo. Amina ali ndi ana atatu, wina ali m'mimba. Lilime ine ndalankhula nalo zaka zambiri."

Ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndipo ndinalibe poyambira. Munthu sukalipira apongozi. Ndinangoti, "Chabwino, amayi," ndipo tinakhala pamenepo mpaka namwino anatiitana.

Anawachotsa mano anayi, tinadikira kuti nkhama zipole, kenako anawabaya timawaya. Anagona masiku asanu ndi limodzi m'kachipinda kaokha, kuseri kwa chitsulo chochindikala, akudyera m'kapaipi ka m'mphuno. Owazonda ankaloledwa mphindi zisanu, ataima pamzere wofiira pakhomo, osayandikira, osakhalitsa. Namwino ananena kuti pa anthu onse odwazika m'wodimo, ine ndekha ndi amene sindinafune kukumbutsidwa.

M'kamwa munayamba mwapsa koopsa, kenako munapola, ndipo chotupa chinasungunuka. Tinabwerera njira yomwe ija. Pa Mandimba, apongozi ali ku mpanda wogonako azimayi apaulendo, ndinapita kukafunsa za koluna, ndipo pansi pa mtengo wa mango ndinapeza lole yobiriwira yopanda galasi. Che Jafali anali pambali pake akudya nkhuku.

"Aa, a lilime aja! Munafika?" Anandipatsa mwendo. "Ife tsiku lija tinagona ku Lichinga, m'mawa mwake tili pano. Ngakhale galu sitinakumane naye."

Nkhukuyo ndinadya. Ndinali ndi njala.

Kunyumba tinapeza Amina atabereka mwana wamwamuna. Ine ndi apongozi tinabwerera ku mwambo wathu wakale, iwo kumanzere, ine kumanja. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, Amina akuwatsuka m'kamwa ndi madzi amchere anaona kanthu koyera pankhama. Linali fupa. Linayamba kupweteka, linatulutsa mafinya, ndipo pamapeto pake ku Lichinga anadula chidutswa cha nsagwada. Khansa sinabwerere. Koma nkhope inapendekeka, chakudya chinakhala cha madzimadzi mpaka kalekale, ndipo mawu awo ankamveka kwa ife a m'nyumba tokha.

M'mawa wina ndinali kusoka ukonde pabwalo, iwo ali kuseri kwa mpanda wa bango. Analankhula, sindinamve, anabwereza.

"Galimoto lija la ku Maniamba. Munamvako?"

Ndinasoka maso awiri a ukonde ndisanayankhe.

"Linapsa, amayi. Asanafike ku Lichinga. Palibe anapulumuka."

Ndinamva akutulutsa mpweya wautali. "Mulungu awakhululukire machimo awo," anatero, n'kupitiriza kupeta.

Anakhala zaka zina zinayi. Lachisanu lililonse, mpaka sabata imene anamwalira, ankamupempherera malemu Che Jafali, iye ali ku Mandimba, atagula lole yachiwiri.